Mwana wanga walowerera m'chamba, ndimuthamangitse?

Azakhali,

Ndine mayi wa ana anayi, ndimagulitsa tomato ndi anyezi pamsika. Mwana wanga wachisamba, wa zaka 19, adayamba kusuta chamba ali Fomu 2. Sukulu adasiya ndipo pano akumwanso kachasu. Wandigulitsira wailesi ndi mapoto, moti ndalama za geni ndimagona nazo m'chiuno. Kawiri konse adalumbira kuti wasiya koma sabata sidathe. Masiku ano amayankhula yekha usiku. Achimwene anga akuti ndimuthamangitse, apongozi akuti adamulodza. Ndichite chiyani?

Mayi wodandaula, Lilongwe

Mayi,

Pepani, mtolo mwasenzawu ndi wolemera. Pa zonse mwalembazi, chandidetsa nkhawa kwambiri ndi kuyankhula yekhako. Chamba chimatha kusokoneza mutu, makamaka kwa amene adachiyamba ali wamng'ono: munthu amamva mawu a anthu osaoneka, amakayikira achibale kuti akufuna kumuchita chipongwe, tulo osabwera. Kwathu kuno timathamangira kunena kuti walodzedwa. Awa ndi matenda, ndipo mankhwala ake alipo. Ku Lilongwe konkuno, chipatala cha Bwaila chili ndi gawo loona za matenda a maganizo. A St John of God, amene ali ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, amathandiza anthu olowerera mumowa ndi mankhwala ozunguza bongo. Matenda akakula, madokotala amatumiza wodwala ku Zomba Mental Hospital. Kupemphera musasiye, koma kuchipatala pitaniko.

Za kulumbira kuja, ine ndikukhulupirira kuti mwanayo sankakunamizani. Mu ubongo muli timadzi totchedwa dopamine timene timachititsa munthu kufunanso chinthu chimene chamusangalatsa. Mowa ndi chamba zimachulukitsa timadziti mopyola muyeso, ubongo n'kuzolowera. Pakapita nthawi, nsima, mpira ndi macheza a abale sizimukomeranso, ndipo amasuta kuti angomva bwino m'thupi ngati munthu wina aliyense. Chinanso, mbali ya ubongo imene imathandiza munthu kudziletsa imamaliza kukhwima cha m'ma zaka 25. Wanuyu adayamba asanakhwime. Ofufuza adapeza kuti mwa anthu 6 oyamba chamba ali achinyamata, pafupifupi mmodzi amakodwa osatha kusiya payekha.

Munthu wotere akasiya, thupi limaukira. Masiku oyambirira amapsa mtima msanga, sagona, chakudya sachifuna, ndipo zimenezi zimatenga pafupifupi masabata awiri. N'chifukwa chake sabata sidathe. Koma kachasu ndiye muchenjere naye. Ngati amamwa tsiku ndi tsiku ndipo m'mawa manja amanjenjemera, musamutsekere m'chipinda kuti asiye mwadzidzidzi. Womwa kwambiri akadukiza mowa kamodzin'kamodzi amatha kukomoka ngati wakhunyu, kuona zinthu zoopsa, ngakhale kufa kumene. Kusiya kotero kumafunika achipatala akumuyang'anira.

Mufunseni modekha kuti chidachitika n'chiyani ali Fomu 2. Ena amayamba chifukwa cha anzawo, ena maliro a kholo, nkhanza zimene sadauzepo munthu, kapena kulephera m'kalasi. Enanso chibadwa cha kumtundu chimawaika pangozi kuposa anzawo. Nkhaniyi muyambe m'mawa mutu wake uli bwino, ang'ono ake palibe. Akaledzera musalimbane naye, mawu amangopita pachabe.

Achimwene anu ndikuwamvetsa, atopa kukuonani mukulira. Koma iwo ndi malume ake a mwanayu, eni mbumba. Akamuthamangitsa akagona kuti? Akagona kwa omwe amamugulitsa chambawo. Apempheni kuti mphamvu zawozo azigwiritse ntchito pomuperekeza kuchipatala, pakuti mnyamata wa msinkhu uwu amamvera malume pamene wakana kumvera mayi.

Kumukonda sikutanthauza kumulekerera. Chakudya mupatseni, sopo mugulireni, koma ndalama m'manja ayi. Ngongole zake za kumowa musabweze. Katundu wofunika musunge kwa mbale wodalirika, ndipo mumuuze poyera chifukwa chake. Akayamba kumenya anthu kapena kuopseza ndi mpeni, itanani anansi ndi apolisi. Ana ena atatuwo nawonso ndi anu. Mnyamatayo akakuuzani kuti boma lidalola chamba, muyankheni kuti lamulo la 2020 lidalola kulima chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale kwa okhala ndi chiphaso basi. Kusuta kukadali mlandu.

Akayamba kulandira thandizo, adzafunika uphungu wa miyezi yambiri, anzake atsopano, ndi chochita masana. Kaya ndi kuphunzira ukalipentala, kaya kubwerera kusukulu yamadzulo kuti alembe MSCE, bola manja asakhale chabe. Tsiku lina mwina adzasutanso. Zikatero musanene kuti zonse zapita m'madzi. Ambiri amene adasiyiratu adagwapo panjira, monganso wodwala BP amabwerera kuchipatala ikakwera. Mudzangomutenga n'kubwerera naye kwa aphungu ake.

Inunso mukufunika wokumverani. Pezani mayi mmodzi wosunga chinsinsi kumpingo kapena pamsika pomwepo, muzimuuza zakukhosi. Ndipo sabata ino isathe musanapite kuchipatala. Mwanayo akakana, pitani nokha ndi achimwene anu mukafotokoze zonse mwandiuzazi, osaiwala za kuyankhula yekha usiku.

Azakhali