Kodi chifundo cha dokotala amachipima ndi chiyani?

M'kalasi ya fizikisi ndimakonda kunena kuti chopimidwa chilichonse chimafuna chipangizo chake. Tsiku lina mtsikana wa Fomu 3, wofuna kudzakhala dokotala, anandifunsa kuti, "Nanga aphunzitsi, chifundo amachipima ndi chani?" Ndinayamba ndakhala kaye chete.

Zipangizo zilipo ndithu, kungoti ndi mafunso. Ku Thomas Jefferson University ku America anakonza Jefferson Scale of Empathy: ziganizo 20 zimene dokotala amayankha yekha, posankha nambala kuyambira 1 mpaka 7. Vuto mwaliona kale eti? Ndani angavomere kuti ndi wouma mtima? Ili ngati sikelo imene muvi wake suyambira pa ziro. Ungapime kakhumi, cholakwikacho sichichoka.

Ku Scotland, Stewart Mercer ndi anzake anapatsa wodwala cholembera. CARE Measure ili ndi mafunso 10, monga lakuti kodi dokotala anakumvetserani bwinobwino, anakufotokozerani zomveka? Imeneyi ndiye imandigwira mtima, chifukwa woyankha ndi mwini ululu.

Komabe wodwala mmodzi akhoza kuyankha mokwiya chifukwa wachedwa pamzere. N'chifukwa chake amafunsa odwala ambiri n'kupeza avereji, monga timachitira mu labu tikamapima nthawi ya pendulamu mobwerezabwereza.