Kamera ya M'tchire: Dziwani Nyama Zomwe Zilipo Nyengo Yosaka Isanatsegulidwe

Kwa mafumu, makomiti a zachilengedwe ndi alenje a dera la Domwe

Nyengo yosaka m'dziko la Mozambique imatsegulidwa pa 1 Epulo n'kutsekedwa pa 30 Novembala. Miyezi yotsalayo ndi yoti nyama ziswane, ndipo Febuluwale ndi Malichi ndiyo nthawi yoyendera tchire kuti tidziwe zomwe zilimo. Makolo athu ankadziwira pa mapazi, ndowe ndi pomwe nguluwe yafukula. Luso limeneli likadali lofunika. Koma phazi silinena ngati agwape adutsa asanu kapena ndi mmodzi yemweyo wangobwerezabwereza njira, silinenanso ngati ndi wamphongo kapena wamkazi wa bere. Kamera ya m'tchire imanena.

Kamerayi ndi yotani?

Ndi kabokosi ka pulasitiki kosalowa madzi, komangirira pamtengo ndi lamba. Kali ndi diso lomva kutentha kwa thupi loyenda, moti nyama ikadutsa pa mtunda wa mamita 15 mpaka 20 kamajambula kokha. Usiku zithunzi zimatuluka zakuda ndi zoyera. Makamera ambiri amadya mabatire 8 a AA ndipo amasunga zithunzi pa memori khadi. Tcherani tsiku ndi nthawi musanachoke pakhomo. Zina zonse zili m'kabuku kobwera nayo.

Pomangirira

Sankhani pomwe njira za nyama zikutsikira kumadzi, m'mphepete mwa dambo, kapena pomwe munda wa chimanga wachita malire ndi phiri. Mangani pofika m'bondo, masentimita 40 mpaka 50 kuchokera pansi. Kuno kumtunda tikufuna nguluwe, gwape, mbawala, nungu ndi fisi. Njovu ndi njati zili kuchigwa cha Zambezi, choncho palibe chifukwa chomangira pofika pamutu pa munthu. Kamera iyang'ane kummwera, pakuti kuyambira pakati pa Febuluwale mpaka Okutobala dzuwa limadutsa chakumpoto. Iloze njirayo chopendekera kuti nyama ikhale m'diso mwake kanthawi, isangodutsa ngati mphezi n'kusiya mchira wokha pachithunzi.

Udzu! Udzu! Udzu!

Apa ndiye pamene makamera ambiri akulepherera, ndipo vuto si la makina ayi. Munthu amamanga bwinobwino, lamba kukoka nganganga, n'kunyamuka kusiya tsekera ali njo patsogolo pa diso. Dzuwa likakwera udzuwo umatenthedwa, kamphepo kakawomba umagwedezeka. Kwa kamera, chinthu chofunda chikuyenda, ndiye nyama imeneyo. Imajambula. Udzu ukagwedezekanso imajambulanso, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka.

Ndinatsegulapo khadi ya kamera ina yomwe inamangidwa pamalo abwino kwambiri, potsikira kumtsinje, mapazi a nguluwe ali mbwee m'matope. M'khadimo munali zithunzi zikwizikwi za ngala imodzi ya udzu, uku yaweramira kumanzere, uku kumanja. Pofika tsiku lachitatu khadi inali itadzaza, mabatire atatheratu. Masabata onse otsatira nguluwe zinkadutsa pa bokosi lakufa. Eni ake ankati anawagulitsa kamera yachinyengo.

Choncho musanamange, tengani zenga kapena chikwakwa mumwete udzu wonse patsogolo pa kamera, mapazi asanu kapena asanu ndi limodzi a munthu wamkulu, kufikira pansi penipeni. Udzu womwetawo muutaye kumbuyo kwa mtengo, musauunjike panjira ya nyama. Dulani kanthambi kalikonse kolendewera pafupi ndi diso, ngakhale tsamba limodzi. Kenako gwadani, ikani mutu pomwe pali kamera, muyang'ane zomwe iyo ikuona. Ambiri amachita manyazi kugwada, koma mutaimirira simungaone kaudzu komwe kali chala chimodzi kuchokera pagalasi. Mtengo womangirapo ukhale waukulu wosagwedezeka. Pakamtengo kanthete kamera yomwe imavina ndi mphepo, zotsatira zake n'zomwezo.

Kumweta kamodzi sikokwanira. M'nyengo ya mvula udzu wa kuno suchedwa, pakatha masabata awiri wafikanso m'diso. Ulendo uliwonse wokasintha khadi, chikwakwa chikhale m'manja. Mu Juni ndi Julayi udzu sukula, koma mwera umawomba mwamphamvu m'mapirimu, ndipo udzu wouma womwe munausiya cham'mbali umagwera kutsogolo. Unikaninso.

Ena akamva zimenezi amati njira yachidule ndi machesi. Chonde ayi. Tikudziwa kuti kutentha tchire kunazolowereka, ena pofuna mbewa, ena pokonzekera uzimba, ena kuti mapazi azioneka bwino paphulusa. Koma moto susankha: umasungunula kamera, umapha ana a gwape obisidwa m'udzu, ndipo nyama zomwe mumafuna kuwerenga zimasamukira kutali. Lupsa likangodutsa, phiri la Domwe limatsala lamaliseche, mvula yoyamba n'kukokolola nthaka kukaithira m'madimba mwathu momwe. Mphindi khumi za chikwakwa zimakwanira.

Kuyendera

Siyani kamera masabata awiri osaisuzumira. Kupitako tsiku ndi tsiku, agalu ndi ana ali pambuyo, kumasiya fungo, ndipo nguluwe ikanunkhiza munthu imasintha njira. Pitani awiri, masana, musinthe khadi, mubwerere. Dziwitsani amfumu malo onse omwe mwamanga. Pafupi ndi manda, dambwe kapena posambira amayi kamera isamangidwe konse.

Mtengo wake

N'kovuta kutchula mtengo umodzi. Zimadalira mtundu, komwe mwagula, kaya ku Tete, ku Lilongwe kapena pa intaneti, ndi momwe metikali ikuyendera. Mwina tingati yapakatikati ingafanane ndi mbuzi ziwiri kapena zitatu, koma funsani kaye. Chomwe chimadya ndalama pang'onopang'ono ndi mabatire. Otchipa a pamsika sachedwa kutha, makamaka m'kuzizira kwa kuno. Otchajanso ndi sola amadula pogula koma angathe kubweza ndalama yake. Munthu mmodzi zingamulemere. Komiti ya mudzi itasonkherana, makamera awiri kapena atatu angathe kuzungulira dera lonse mosinthanasinthana.

Zomwe mupindule

Apa ndiye pokoma! Tsiku lomwe khadi yoyera bwino yatsegulidwa pa foni, anthu ataunjikana, mudzi umaona tchire lake lomwe sunalionepo: nguluwe yaikazi ili ndi tiana ta mizeremizere pambuyo, nthawi ili 2 koloko usiku, nungu ikulowa m'munda womwe mwini wake ankaloza chala anyani. Mlimi amadziwa ola loyenera kulondera. Mkangano wakuti nyama zilipo zambiri kapena zatha umathera pomwepo, chifukwa aliyense wadzionera. Zithunzi zina zimawawa mtima: gwape wotsimphina, waya wa khwekhwe utamudya mwendo. Amene amatchera mawaya azionako zimenezi.

Lembani m'kope tsiku, malo, mtundu wa nyama, kuchuluka kwake, zazikazi ndi ana. Pomwe mwapeza zochepa, kapena zazikazi za ana zokhazokha, chaka chino pasasakidwe. Anzathu a pulogalamu yosamalira nyama ya Tchuma Tchato kuchigwa cha Zambezi, omwe anayamba ntchito yawo ku Bawa mu 1994, amapindula ndi nyama chifukwa kusaka kumeneko kumatsata chiwerengero chololedwa chaka ndi chaka, ndipo lamulo limapereka 20 peresenti ya misonkho ya nyama ndi nkhalango kwa anthu a m'deralo.

Kamera si chilolezo. Kusaka kumafuna laisensi, ndipo moto, poizoni ndi mawaya n'zoletsedwa nyengo iliyonse. Pansi pa lamulo 16/2014, lomwe linakonzedwanso mu 2017, wopha nyama yotetezedwa monga ngaka angathe kukhala m'ndende mpaka zaka 16. Chithunzi cha nyama yotere chisamwazidwe pa WhatsApp, chifukwa chimaitana ozembetsa. Tengani kope lanu mupite nalo kwa alangizi a m'dera lanu kapena ku ofesi ya boma yoona za chuma (SDAE) ku Ulongwe mwezi wa Malichi usanathe, kuti akufotokozereni za laisensi ndi nyama zololedwa.