Nzeru zokongoletsera nyumba yoyamba

Funso: Wachinyamata amene wangomaliza maphunziro a ku yunivesite, nalowa m'nyumba yake yoyamba ya lendi, angatenge kuti nzeru zoikongoletsera?

Yankho: Nzeru zoyamba zimachokera m'nyumbamo. Asanagule kalikonse, ayeze zipinda ndi tepi, aone kumene dzuwa limalowera, kenako afunse mwininyumba ngati amalola kupaka penti kapena kukhoma misomali. Zithunzi za pa Pinterest ndi Instagram zimathandiza posankha mitundu, koma zambiri zimaonetsa nyumba zazikulu zakunja, choncho ndi bwino kungotolapo mfundo imodzi.

Zapafupi ndiye zopindulitsa kwambiri. Chitenje chimodzi chomukomera m'maso chingatsogolere zonse: makatani, nsalu ya patebulo ndi mapilo zitengere mitundu yake iwiri kapena itatu, chifukwa ikachuluka chipinda chimatopetsa maso. Ku Dedza Pottery kuli makapu ndi mbale zojambulidwa pamanja, ndipo ku Mua kuli ziboliboli. Mipando yoluka yogulitsidwa m'mphepete mwa misewu ya ku Blantyre ndi yopepuka, zomwe zimamuyenera munthu wa lendi wosamukasamuka. Kalipentala akaonetsedwa chithunzi ndi muyezo amakhoma bedi kapena shelefu yokwanira bwino pamalopo.