Namondwe: Momwe Amayambira ndi Kumene Amawononga

Cholinga cha phunziro

Pomaliza phunziroli tidziwa momwe namondwe amayambira, madera amene amakonda kufikako, ndiponso chifukwa chake amavutitsa dziko la Malawi ngakhale lili kutali ndi nyanja yamchere.

Momwe amayambira

Namondwe ndi chimphepo chozungulira chimene chimabwera ndi mvula yamphamvu. Kutambalala kwake kumatha kupitirira makilomita 500. Sayambira pamtunda, ndipo nyanja ya Malawi ndi yaing'ono kwa iye. Kwawo ndi pakati pa nyanja zikuluzikulu zamchere, pamene madzi afunda kufika madigiri 26 kapena 27.

Taganizani za mphika wamadzi uli pamoto. Madzi akatentha, nthunzi imakwera. Dzuwa limachita chimodzimodzi ndi nyanja. Nthunzi ya m'nyanja ikafika m'mwamba mozizira imasanduka timadontho, ndiyo mitambo ija. Posanduka madontho, nthunziyo imatulutsa kutentha kumene idanyamula kuchokera pansi. Mpweya wotentha ndi wopepuka, choncho umakwererakwerera. Pansi pamatsala mpweya wochepa, ndipo mphepo ya m'mbali monse imathamangira pomwepo. Nayonso imatola chinyontho panyanja n'kukwera. Zikamabwerezeka chonchi usana ndi usiku, mitambo imakula ndipo mphepo imanka nilimba.

Nanga kuzungulirako kumachokera kuti? Dziko lathuli limazungulira, ndipo kuzungulira kwake kumakhotetsa mphepo. Mphepo yothamangira pakati ija sifika molunjika, imayenda mozweta. Kummwera kwa mzere wa ikweta, kumene kuli Malawi, namondwe amazungulira molowera kumene mivi ya wotchi imalowera. Kumpoto kwa mzerewu amazungulira mosemphana ndi wotchi. Pa ikweta penipeni mphepo sikhota, n'chifukwa chake namondwe kawirikawiri amayambira patali makilomita 500 kapena kupitirira kuchokera pamzerewu.

Si mitambo yonse ya panyanja imene imakhwima n'kukhala namondwe. M'mwamba mukakhala mphepo ina yamphamvu yowomba chopingasa, imabalalitsa mitamboyo isanakule. Koma liwiro la mphepo likafika makilomita 63 pa ola, akatswiri a zanyengo amapereka dzina, monga Ana kapena Gombe. Likafika makilomita 118 pa ola, ameneyo ndi namondwe wokhwima.

Pakati pa namondwe wokhwima pamakhala malo abata otchedwa diso. Diso likamadutsa pamudzi mphepo imaleka, mwina dzuwa n'kuwala. Bata limeneli ndi lonyenga. Posachedwa mphepo imabweranso kuchokera mbali inayo ndi ukali womwe uja, chifukwa mphepo yoopsa kwambiri imakhala m'mphepete mwa disolo.

Kumene amawononga

Namondwe amalondola madzi ofunda. Ambiri amayambira kumadzulo kwa nyanja ya Pacific n'kukawononga ku Philippines, China ndi Japan. Ena amayambira m'nyanja ya Atlantic n'kulowera ku Cuba, Haiti, Mexico ndi United States. Enanso amafika ku India ndi Bangladesh. Kumeneko dziko ndi lachidikha, ndipo mphepo imakankhira madzi a m'nyanja kumtunda n'kumiza midzi. Mu 1970 namondwe mmodzi adapha anthu osachepera 300,000 m'dera limene lero ndi Bangladesh.

Kuno kummwera kwa Africa namondwe amabwera pakati pa Novembala ndi Epulo, kuchokera ku Indian Ocean. Kawirikawiri amayamba wagunda zilumba za Mauritius, Réunion ndi Madagascar. Madzi a pakati pa Madagascar ndi Mozambique ndi ofunda, ndiye namondwe akalowamo amapezanso mphamvu. Mu Marichi 2019 Idai adagumula mzinda wa Beira n'kukafika ku Chimanimani m'dziko la Zimbabwe. Mbali ya kumadzulo, ku Namibia ndi Angola, madzi a m'nyanja ndi ozizira, ndipo namondwe sadziwika kumeneko.

Nanga amafika bwanji kwathu kuno?

Namondwe akatera pamtunda amasowa nthunzi yomudyetsa, ndipo mphepo yake imayamba kufooka. Koma madzi amene adasenza panyanja amakhala akadali m'mitambo. Mitamboyo ikakumana ndi mapiri ngati a Mulanje, Zomba ndi Thyolo, imakwera, imazizira, n'kukhuthula mvula yonse pamenepo. Choncho chimene chimapha anthu ambiri ku Malawi ndi madzi, kuposa mphepo.

Mu Januwale 2022 madzi a namondwe wa Ana adawononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, dziko n'kukhala pa vuto la magetsi kwa miyezi yambiri. Chaka chotsatira kudabwera Freddy. Iyeyu adayambira kufupi ndi Australia kumayambiriro kwa Febuluwale 2023. Adaoloka nyanja yonse, adagunda Madagascar ndi Mozambique, kenako adabwerera panyanja kukatenganso mphamvu. Pa 11 Marichi adateranso pafupi ndi Quelimane n'kulowera kuchigawo cha kummwera kwa Malawi. Adakhala masiku 36, kuposa namondwe wina aliyense amene adalembedwapo.

Mvula idagwa masiku angapo osalekeza. Nthaka ya m'mapiri itakhuta madzi idakhuthuka pamodzi ndi miyala. Napolo wochokera m'phiri la Soche adakwirira nyumba ku Chilobwe mumzinda wa Blantyre, ndipo zoterezi zidachitikanso ku Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu. Madziwo adatsikira m'mitsinje ya Ruo ndi Shire n'kusefukira ku Chikwawa ndi Nsanje. Omwalira ndi osowa adapitirira 1,000, ndipo anthu oposa 600,000 adasowa pokhala.

Tingadziteteze bwanji?

Palibe munthu angaimitse namondwe, koma sabwera mwadzidzidzi. Makina a m'mlengalenga amamujambula akadali pakati pa nyanja, ndipo nthambi yoona zanyengo imachenjeza pa wailesi ndi pa foni kukadali masiku. Chenjezo likamveka, okhala m'zigwa, m'mbali mwa mitsinje ndi m'munsi mwa mapiri asamukire kumalo otetezeka mvula isanakule. Tengani mankhwala, chiphaso chaunzika ndi mabuku a kuchipatala m'pepala lapulasitiki. Musaoloke mtsinje wodzaza. Thandizani okalamba, odwala ndi olumala kuti achoke msanga. Mvula ikatha, thirani mankhwala m'madzi akumwa kapena awiritseni, chifukwa zitsime zimakhala zitadetsedwa ndipo kolera amafala mosavuta.

Mafunso

1. Kodi madzi a m'nyanja amafunda kufika madigiri angati kuti namondwe ayambe?
2. N'chifukwa chiyani sitiyenera kutuluka panja diso la namondwe likamadutsa?
3. Tchulani maiko atatu amene namondwe amafikako.
4. N'chifukwa chiyani mvula ya namondwe imachuluka pafupi ndi mapiri?

Zokambirana m'magulu

Kodi m'mudzi mwathu malo otetezeka ali kuti? Ndani angauze anthu amene alibe wailesi kapena foni chenjezo likabwera?