Phunziro 9: Tikonze Kapena Tisiye? Nkhani ya Boti Lakale la Injini

Mawu oyamba

M'phunziro lapitali munaona mmene mungathandizire ophunzira akuluakulu kulemba ndalama zolowa ndi zotuluka pa geni yawo. Tsopano tipita patsogolo pang'ono. Munthu wamkulu sabwera ku sukulu ya kwacha kudzangoloweza kuti 7 kuphatikiza 8 ndi 15, ayi. Amabwera ali ndi nkhani imene ikumusowetsa tulo, ndipo amafuna kuti zilembo ndi manambala zimuthandize pa nkhaniyo. Pomaliza phunziroli mukhale okhoza kutsogolera gulu lanu kuunika chinthu chakale ndi kugwirizana ngati kuli koyenera kuchikonza kapena kuchisiya. Chitsanzo chathu ndi boti la injini, chifukwa ambiri a inu mukuphunzitsa m'mbali mwa nyanja, ku Nkhata Bay, Nkhotakota, Salima, Mangochi ngakhalenso ku Metangula, ndipo ena muli ku South Africa pakati pa mabanja a anthu ogwira ntchito kumigodi.

Nkhani yoyambira

Tiyerekeze kuti m'gulu lanu muli mayi wa ku Chipoka amene mwamuna wake akugwira ntchito ku Rustenburg, m'chigawo cha North West, kumene kuli migodi ya platinamu ya makampani monga Impala Platinum ndi Sibanye-Stillwater. Kufupi ndi migodiyi kuli madamu a Buffelspoort, Vaalkop ndi Hartbeespoort, kumene anthu opeza bwino amakasewera ndi maboti Loweruka ndi Lamlungu. Maboti ena akakalamba amangokhala kuseri kwa nyumba, matayala a ngolo yake ataphwa. Tsiku lina bambo uja aimba foni: "Amake mwana, kuno ndapeza boti. Mwiniwake akuti ndingotenga pa mtengo wozizira. Ndikalikonza ndibwera nalo, tiyambe usodzi." Mayiwo afika m'kalasi nakufunsani, "Aphunzitsi, kodi ndiwalole?"

Musayankhe. Ndikudziwa kuti pakamwa pamayabwa, popeza ife aphunzitsi tinazolowera kukhala ndi yankho la chilichonse. Koma ndalamazo si zanu, ndipo mwina m'gulumo muli asodzi odziwa za maboti kuposa inu. Ntchito yanu ndi kuthandiza gulu kufunsa mafunso oyenera, motsatana bwino. Musanatero, auzeni nkhani iyi, imene inachitikadi.

Chauncy Maples

Sitima ya Chauncy Maples inapangidwa ku Glasgow ndi kampani ya Alley & McLellan, poitanitsidwa ndi amishoni a UMCA. Anaitcha dzina la bishopu wa ku Likoma amene anamira m'nyanja ya Malawi m'chaka cha 1895 ndipo anaikidwa ku Nkhotakota. Inabwera ili zidutswazidutswa, zina pamutu pa amtengatenga polambalala mathithi a mtsinje wa Shire, ndipo inalumikizidwa kwa Mponda n'kuyamba kuyandama m'chaka cha 1901. Kutalika kwake ndi mamita pafupifupi 38. Inagwira ntchito ngati tchalitchi, sukulu ndi chipatala choyenda pamadzi. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse inanyamula asilikali. Amishoni anaigulitsa mu 1953 ndipo inakhala yophera nsomba, kenaka mu 1967 inasandutsidwa yonyamula anthu, injini yake ya nthunzi n'kulowedwa m'malo ndi ya dizilo. Inasiya kuyenda mu 1992, n'kumangokhala padoko ku Monkey Bay.

Cha m'ma 2009 bungwe la Chauncy Maples Malawi Trust, la ku Britain, linayamba kusonkha ndalama zoti sitimayi ikonzedwe ikhale chipatala chofikira midzi ya m'mbali mwa nyanja kumene misewu ndi yovuta. Linkafuna mapaundi 2 miliyoni, ndipo kampani ya Thomas Miller ya ku London inali patsogolo pothandiza. Ganizolo linali lokoma, ndani akanakana? Sitima imene anthu ankaitcha yakale kuposa zonse zoyandama mu Africa, ibwerere ku ntchito imene inayamba nayo! Mu 2012 anaikokera kumtunda kuti ntchito ipitirire. Koma pamapeto pake zinaoneka kuti thupi la sitimayo, zitsulo zake zimene zimakhala m'madzi, linali litatha kwambiri moti kulikonza kukanadya ndalama zopitirira muyeso. Ntchito yoisandutsa chipatala inalekeka.

Taonani bwino apa. Anthu amene anayamba ntchitoyi sanali opusa. Panali akatswiri, panali ndalama, panali mtima wabwino. Komabe anali ndi zolinga ziwiri zimene zinkaoneka ngati chimodzi: kusunga sitima ya mbiri, ndi kufikitsa mankhwala kwa odwala. Mtengo utakwera, zolingazo zinapatukana. Funsani gulu lanu kuti, mukanakhala inu, mukanasankha chiti? Pakhala mkangano, ndipo mkanganowo ndi wabwino. Ine ndimaona kuti kukonda chinthu chakale si kulakwa. Ilala, imene inayamba kuyenda mu 1951, yakhala ikukonzedwa kambirimbiri ndipo yatumikira anthu a ku Likoma ndi Chizumulu kwa zaka zoposa 70. Vuto limadza pamene chikondicho chikubisala kuseri kwa mawu akuti "tipindula".

Kuunika boti

Tibwerere kwa bambo wa ku Rustenburg. Funso loyamba si lakuti "likonzeka?" koma lakuti "likakonzeka lidzagwira ntchito yanji?" Maboti ambiri a pamadamu aja anapangidwira liwiro ndi kukoka anthu osewera pamadzi. Injini zake ndi zazikulu, zomwa petulo ngati madzi, pamene asodzi a usipa kwathu kuno amagwiritsa ntchito maboti a matabwa ndi injini zazing'ono, zimene amakaniko a padoko amazidziwa ndipo zipangizo zake zimapezeka. Kodi m'botilo muli malo a chilimira ndi anthu okoka? Nanga mwera ukawomba mu Juni ndi Julayi, lidzalimba pa mafunde a nyanja yaikulu? Damu si nyanja. Maboti ambiri amagwa pa funso lomweli, munthu asanagwire sipanala.

Likapambana, yambani ndi thupi, osati injini. Ichi n'chimene Chauncy Maples yatiphunzitsa, ndipo pa boti laling'ono n'chimodzimodzi. Injini mutha kuichotsa n'kuikapo ina tsiku limodzi. Thupi lovunda ndiye boti lonse. Maboti a faibagalasi amanyenga maso, chifukwa kunja amawala koma m'kati mwa khoma lakumbuyo, pamene pamamangidwa injini, mumakhala thabwa. Madzi akalowa pa mabowo a mabawuti, thabwalo limavunda mwakachetechete. Munthu agwire mwendo wa injini n'kuugwedeza: khomalo likamavinira limodzi, zinthu sizili bwino. Agogode ndi kahamala malo osiyanasiyana. Polimba pamalira mokweza, povunda pamalira ngati dzungu. Apondenso pansi ponse, ndipo pakamabonyoka adziwe kuti mitanda ya m'kati yatha. Boti lolemera modabwitsa nthawi zambiri limakhala kuti lamwa madzi m'kati mwake.

Za injini tinene mwachidule, popeza apa pafunika makaniko. Ayeze mphamvu ya mpweya m'masilinda onse, ndipo manambala ake akhale oyandikana. Atsegule oyilo wa m'giya yapansi: akaoneka ngati mkaka, mwalowa madzi. Injini ikalira, kamtsinje ka madzi oziziritsa kazituluka kumbuyo. Ndipo asailize pouma, chifukwa kampira kopopa madzi kamapsa m'kanthawi kochepa. Wogulitsa akakana kuti muiyese, yankho mwalipeza kale.

Pali mtengo wina umene anthu amauiwala. Kuchoka ku Rustenburg kudzera ku Beitbridge, Harare, Nyamapanda ndi Tete mpaka pachipata cha Mwanza ndi ulendo wa makilomita oposa 1,500. Ngolo ifuna matayala ndi mapepala, pachipata pali msonkho wa MRA, ndipo boti lochitira bizinesi liyenera kulembetsedwa kuboma. Kumbukiraninso kuti ndalama za kumgodi si kasupe. Mu 2014 ogwira ntchito m'migodi ya platinamu ananyanyala kuyambira Januwale mpaka Juni, miyezi isanu osalandira malipiro, ndipo mu 2023 ndi 2024 mitengo ya zitsulozi itatsika makampani anachepetsa antchito. Boti lokonzedwa theka siligulika, silipha nsomba, limangosungira udzudzu.

Kuyendetsa phunziroli m'kalasi

Gwiritsani ntchito njira ya REFLECT, imene bungwe la ActionAid linayamba kuiyesa mu 1993 ku Uganda, Bangladesh ndi El Salvador potsata maganizo a Paulo Freire. Tulukani panja. Jambulani pansi mizere itatu: kukonza boti la ku Rustenburg, kugula injini yokha yogwiritsidwapo kale ntchito n'kukhometsa boti la matabwa kwa amisiri akwanu, ndi kusiya zonse n'kuika ndalamazo pa china. Mzere wachitatuwu musausiye. Ophunzira ambiri saganiza kuti kusiya nakonso ndi kusankha. Gulu litchule lokha zoyezera, monga mtengo, petulo, kupezeka kwa zipangizo ndi ngozi, ndipo liike timiyala kapena njere za chimanga m'bokosi lililonse. Amene sadziwa kulemba amalankhula momasuka pa mchenga kuposa pa bolodi. Mukatha, wina akopere zonse papepala lalikulu.

Kwa oyamba kumene kuwerenga, mawu akuti boti akukwanirani. Aduleni: bo, ti. Tulutsani ba be bi bo bu ndi ta te ti to tu, ndipo ophunzira apange okha mawu monga bata, tate ndi tuta. Wina adzapeza toto, ndipo kalasi lonse lidzaseka, chifukwa mwina ndilo yankho limene mayi uja akulifuna. Kwa amene apita patsogolo, apatseni masamu enieni. Injini zambiri zosakaniza petulo ndi oyilo zimafuna muyeso wa 50 kwa 1, kotero m'malita 25 a petulo mumalowa theka la lita ya oyilo. Awerengere petulo wa usiku umodzi, kenaka apeze kuti ndi zidebe zingati za usipa zimene zingabweze ndalamayo. Mitengo musaipeke inu. Atumeni akafunse padoko ndi pa filing'i siteshoni.

Chovuta kwambiri chimadza wina akati, "Koma abambo alipira kale theka, ndiye tingosiya?" Apa khalani odekha. Madzi akatayika saoleka, ndipo zimene zalipidwa kale sizibwerera, kaya boti likonzedwe kaya lisiyidwe. Zoyenera kuyerekeza ndi ndalama zimene zatsala kuti zituluke, ndi phindu limene lingabwere. Mfundoyi ndi yosavuta pa pepala koma yowawa mumtima, makamaka kwa mwamuna amene anauza kale abale kumudzi kuti akubwera ndi boti. Musamuchititse manyazi mayiyo pagulu. Ngati gulu laona kuti botilo silipindula, lithandizane naye kulemba kalata kapena uthenga wa pafoni wopita ku Rustenburg, wa ulemu, wokhala ndi manambala amene apeza. Kwa ena umenewu udzakhala uthenga woyamba kulemba ndi dzanja lawo.

Ntchito yotumiza

Ngati kwanu kulibe nyanja, sankhani chinthu china chimene anthu akukangana ngati chikonzedwe: chigayo, mjigo, njinga yamoto kapena makina osokera. Chitani phunziroli ndi gulu lanu kawiri, poyamba musanafunse mitengo, kachiwiri mutafunsa. Lembani masamba awiri ofotokoza mmene timiyala tinasunthira pakati pa maulendo awiriwo, ndiponso amene analankhula kwambiri ndi amene anangokhala chete. Tumizani kwa mlangizi wanu pamodzi ndi pepala lalikulu lija musanayambe Phunziro 10.