Njinga za Mashoko Awiri: Tikuyankha Makalata Anu

Wowulutsa: Sabata yatha tinakamba za njinga zopalasa m'mapiri ndi m'tinjira ta m'nkhalango, ndiye makalata ndi mauthenga a pafoni abwera ankhaninkhani. Mlangizi wathu wafika kale muno, zala zikadali zakuda ndi girisi. Achimwene, mwaswera bwanji?

Mlangizi: Ndaswera bwino achemwali, kaya inu? Za girisiyu musade nkhawa, mapepala anu sindiwagwira. Werengani nokha.

Wowulutsa: Yoyamba yachokera ku Zomba. Womvera wathu akuti: "Ndimapalasa paphiri la Zomba Loweruka lililonse ndi njinga yokhala ndi shoko kutsogolo kokha. Ndikamatsika mtsetse wamiyala, gudumu lakumbuyo limangodumphadumpha, ndipo pofika kunyumba msana umakhala utatheratu. Anzanga akuti ndigule ya mashoko awiri. Kusiyana kwake n'kotani?"

Mlangizi: Njinga imene muli nayo bambo, akadaulo amaitcha hardtail. Ya mashoko awiri ndiyo full suspension: foloko yakutsogolo imaphwa, ndipo kumbuyo fulemu ili ndi mfundo zopinda, zogwiridwa ndi shoko yachiwiri. Ambiri amaganiza kuti shoko yakumbuyoyo ntchito yake n'kusasatitsa wokwera. Zoona msana umapumula, koma chachikulu n'chakuti tayala likhale likugunda pansi. Tayala limene lili m'malere siligwira buleki, silikhota, silikoka. Pamtsetse wa miyala ndi mizu ngati wa ku Zombako, njinga ya mashoko awiri imaima msanga ndipo imamvera chiwongolero.

Koma ili ndi msonkho wake. Ndi yolemera kuposa hardtail ya mtengo wofanana, nthawi zambiri ndi kilogalamu imodzi kapena awiri. Ili ndi mabeyaringi m'mfundo zonse zija, ndipo amatha. Shoko imafuna mafuta ndi malabala atsopano nthawi ndi nthawi.

Musanataye ndalama, yambani mwayesa ichi. Ife kuno tinazolowera kupopa tayala mpaka lilimbe ngati mwala, chifukwa tinakulira pa njinga zonyamula chimanga ndi makala. Njinga ya m'phiri sifuna zimenezo. Tayala lotambalala mainchesi 2.3 kapena 2.4, ngati lilibe chubu, munthu wa makilogalamu 70 kapena 75 amalipopa mpweya wa psi 22 mpaka 28 basi. Ngati muli ndi chubu, wonjezerani pang'ono kuti limu isachitsine pamwala. Ndipo potsika musakhale pachishalo ngati muli m'tchalitchi. Imani pa mapedulo, pindani mawondo. Mwina theka la ululu wa msanawo lichoka popanda kugula kanthu.

Wowulutsa: Ndiye mukuwaletsa kugula?

Mlangizi: Ayi, ndikungofuna agule akudziwa chimene akugula. Akaganiza zogula, afunse kaye kuti mashoko ake amaphwa mamilimita angati. Za mpikisano wothamanga, zopepuka zija, zimaphwa 100 mpaka 120. Za trail, zimene zimakwera bwino n'kutsikanso bwino, 120 mpaka 150. Za enduro 150 mpaka 180, ndipo za downhill pafupifupi 200, zomwe kukwera nazo chitunda n'chilango. Kwa Zomba, Michiru, Dzalanyama ngakhale Luwawa, ine ndimati 120 mpaka 140 n'zokwanira. Zoposa apo mukungonyamula chitsulo chimene simudzachigwiritsa ntchito.

Wowulutsa: Iyi yachokera ku Limbe, ndipo mwiniwake akuoneka kuti wakhumudwa. "Ndinagula njinga yatsopano m'sitolo, ya sipuling'i yaikulu yofiira pakati. Mtengo wake unali wabwino kwambiri. Patha miyezi inayi, ikulira ngati chitseko chakale, ndipo ndikapalasa imangogwedezeka m'malo mothamanga. Kodi ndaiwononga ndine?"

Mlangizi: Pepani bambo, simunaiwononge. Inabadwa choncho. Njinga zotere zadzaza m'masitolo ndi m'misika, ndipo zimakopa maso chifukwa sipuling'i ija imaoneka yaukali. Koma shoko yeniyeni ili ndi zinthu ziwiri: chophwa, chimene chingakhale mpweya kapena sipuling'i, ndi mafuta amene amadutsa m'timabowo ting'onoting'ono kuti shoko ibwerere mwaulemu. Yanuyo ili ndi sipuling'i yokha. Ikaphwa imabwerera mwaukali n'kukuponyani m'mwamba, ndipo mphamvu ya miyendo yanu imathera m'kugwedezekako. M'mfundo zake mulibe mabeyaringi, muli timapulasitiki, n'chifukwa chake ikulira.

Ndinenepo mosabisa: pa ndalama zochepa, hardtail yabwino yakale imaposa ya mashoko awiri yatsopano yotchipa. Za mashoko awiri zodalirika, zikakhala zatsopano, kunja zimayambira cha m'ma 1,500 madola a ku America kupita m'mwamba. Mukaona ikugulitsidwa pamtengo wa njinga ya kabaza, dziwani kuti pali pamene anachepetsa. Yanuyo muziyendera pamsewu wa tala kupita kuntchito, koma musatsike nayo phiri.

Wowulutsa: Yachitatu ndi yaitali, yachokera kwa m'bale wathu amene amagwira ntchito ku Johannesburg. Akuti wasunga ndalama kwa zaka ziwiri, akubwera kumudzi mu Disembala, ndipo wapeza njinga zitatu zogwirapo kale ntchito: Giant Trance, Trek Fuel EX ndi Specialized Stumpjumper. Mitengo yake ikufanana. Akufunsa kuti yabwino ndi iti.

Mlangizi: Achimwene a ku Joni, mwasankha malo abwino ogulira. Dziko la South Africa lili ndi opalasa ambiri, mpikisano wa Cape Epic wa masiku asanu ndi atatu uja unayamba mu 2004, ndiye njinga zakale zabwino zimapezeka. Zitatu zimenezi zonse ndi za trail, mashoko ake amaphwa pakati pa mamilimita 115 ndi 150 kutengera chaka chimene inapangidwa. Dzina la Stumpjumper n'lakale zedi, linayamba mu 1981, pamene masewerawa anali akadali khanda ku California. Anyamata a kumeneko, a Gary Fisher, a Joe Breeze ndi anzawo, ankatsika phiri ndi njinga zakale za buleki ya m'habu. Pofika m'munsi girisi anali atapsa, ndiye ankayenera kuikamo wina, mpaka mpikisano wawo wa mu 1976 anautcha Repack. Ndangopatukirako.

Wogulitsa adzakuuzani zambiri za kapangidwe ka mfundo zakumbuyo. Giant amati Maestro, Trek amati ABP, Specialized amati FSR. Kunena zoona, pa njinga za zaka zaposachedwa zonsezi zimagwira bwino ntchito, ndipo inu ndi ine sitingamve kusiyana kwenikweni pa njira za kwathu. Funso loyenera si lakuti yabwino ndi iti, koma yosamalidwa ndi iti, ndiponso ikawonongeka ku Kasungu kapena ku Mulanje mudzaikonza ndi chiyani.

Ndiye pokaona njingazo chitani izi. Gwirani chishalo n'kunyamula pang'onopang'ono gudumu lisanachoke pansi. Mukamva kuti khokho, mabeyaringi kapena mabushi a shoko atha. Yang'anani timachubu tonyezimira ta foloko ndi ta shoko: pakakhala chilonda chimene chikhadabo chikukodwapo, chidzadya labala ndi kutaya mafuta, ndipo kusintha kwake n'kodula. Pukutani fulemu m'malo owotcherera, makamaka pansi pa chiwongolero ndi pafupi ndi mfundo, muone ngati pali mng'alu wopyapyala ngati tsitsi. Kuona maso a nkhono n'kudekha, musathamange chifukwa wogulitsa akuti pali winanso akuifuna.

Kenako funsani za shoko. Mitundu ina ya njinga m'zaka zina inkabwera ndi shoko yopangidwira njinga yomweyo basi. Yotereyo ikafa, simungangogula ina iliyonse n'kuikapo. Sankhani yokhala ndi shoko wamba ya Fox kapena RockShox, imene malabala ake amapezeka paliponse pa intaneti. Fulemu ya aluminiyamu ndimaikonda kuposa ya kaboni pa njinga yakale, osati chifukwa kaboni ndi wofooka, koma chifukwa akavulala m'kati diso silimaona. Ndipo njingayo idzayenda pansi pa basi kuchokera ku Joni, kudutsa Beitbridge ndi Tete mpaka Mwanza, itapanikizidwa ndi mafiliji ndi zikwama za anthu.

Chomaliza, tembenuzani njinga muone nambala ya fulemu pansi pa habu ya mapedulo, ndipo mupemphe lisiti. Njinga zakuba zilipo zambiri kumeneko, komanso lisitilo mudzalifuna pachipata polipira msonkho.

Wowulutsa: Koma simunatchule imodzi, achimwene. Munthu akufuna dzina.

Mlangizi: Chabwino. Zonse zitatu zikapambana mayeso amenewa, atenge imene ili ya msinkhu wake, ndipo mwa zotsalazo imene ili ndi foloko yabwino. Magiya amatha n'kusinthidwa, koma foloko ndiyo chiwalo chodula kwambiri pambuyo pa fulemu. Ndipo asathere ndalama zonse panjinga. Asiyeko zogulira pampu ya shoko, tcheni chapadera, mapadi a mabuleki awiri kapena atatu, mabeyaringi a mfundo ndi kachitsulo kopachikapo giya yakumbuyo, kamene amati hanger. Kachitsulo kameneka n'kosiyana pa njinga zambiri, kamapindika mukangogwa, ndipo njinga yonse imatha kukhala miyezi itatu pakhonde chifukwa cha ikoko.

Wowulutsa: Mayi wina wa ku Lilongwe akuti ndi wamfupi, masentimita 155. Amuna awo awapatsa njinga yawo yakale kuti azipalasa limodzi ku Dzalanyama, koma akuti akafuna kuima amagwa.

Mlangizi: Mayi, vuto si inu, njingayo ndi yaikulu. Pa msinkhu wanu mufuna saizi S kapena XS, ndipo mwina magudumu a mainchesi 27.5 m'malo mwa 29. A 29 amadutsa bwino pa miyala ndi m'maenje, koma pa fulemu yaing'ono amatha kukuvutani pokhota. Kutsitsa chishalo sikuchepetsa njinga, chifukwa mtunda wochoka pa mapedulo kukafika pa chiwongolero umakhala womwewo. Palinso ichi: shoko ija abambo anaipopa molingana ndi thupi lawo. Mukakhala pachishalo, shoko yakumbuyo iyenera kuphwa magawo 25 mpaka 30 pa 100, foloko magawo 15 mpaka 20. Pa shoko pamakhala kalabala kozungulira koyezera. Ngati mwakhala koma sikanasunthe, mukupalasa thabwa. Abambo, ngati mukumvera, agulireni mayi njinga yawoyawo.

Wowulutsa: Amva ndithu. Wa ku Mzuzu akuti buleki yake ya mafuta yafewa, makaniko wa galimoto wamuuza kuti athiremo mafuta a mabuleki a galimoto. Akufunsanso ngati angamakatsukitse njinga kotsukira magalimoto.

Mlangizi: Imani kaye! Werengani dzina lolembedwa pa buleki. Za Shimano zimagwiritsa ntchito mafuta otchedwa mineral oil. Mukathiramo a galimoto, amene ndi DOT, malabala am'kati amatupa ndipo buleki yonse yatha. Zambiri za SRAM ndizo zimalandira DOT 4 kapena 5.1, ngakhale zina zatsopano nazonso zinasamukira ku mineral oil. Pa chivundikiro cha buleki amalembapo. Musasakanize.

Za kotsukira magalimoto, ayi. Madzi amphamvu aja amakankhira matope m'mabeyaringi n'kuchotsa girisi. Chidebe, burashi ndi sopo basi. Mdani wamkulu kwathu kuno ndi fumbi la m'chilimwe, ndiye mukangobwera kopalasa pukutani timachubu ta foloko ndi kansalu koyera. A RockShox amalangiza kusintha mafuta a m'munsi mwa foloko pakatha maola 50 opalasa, a Fox amati shoko ikonzedwe yonse pakatha maola 125 kapena chaka. Ndakumanapo ndi foloko imene sinatsegulidwe zaka zisanu, m'kati munali phala lakuda. Ndipo ngati matayala anu alibe chubu, madzi omata mabowo aja amauma pakatha miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi, msanga kukatentha. Mukaiwala kuwonjezera, munga wa mthethe udzakukumbutsani muli pakati pa Viphya.

Wowulutsa: Kauthenga kakafupi komaliza, kochokera ku Dedza: "Kodi ya mashoko awiri ingagwire kabaza? Makasitomala angakonde."

Mlangizi: Makasitomala angakonde, koma adzakhala pati? Kumbuyo kwake kumayenda, kaliyala wonyamula munthu alibe pomangirira. Khalani ndi yachitsulo yanuyo achimwene, pa ntchito imeneyo palibe yoiposa.

Wowulutsa: Nthawi yatithera. Sabata yamawa tikamba za zisoti ndi zotchinga mawondo, ndiye tumizani mafunso anu lisanafike Lachinayi.

Mlangizi: Ndipo bambo a ku Zomba aja, Lowerukali muchepetse mpweya m'matayala, mutsike mtsetse womwe uja, kenako mutilembere mmene mwayendera.