Phunziro la Sabata Ino: Mlendo Amakula Akaphunzira Chiyankhulo cha Eni Mudzi

Pa 8 May 2025, Papa Leo wa chi 14 ataonekera koyamba pakhonde la tchalitchi cha Petulo Woyera ku Roma, adayamba kuyankhula m'Chitaliyana. Chapakati adasintha, nkupereka moni m'Chisipanishi kwa akhristu a dayosizi ya Chiclayo ku Peru. Munthuyu adabadwira ku Chicago m'dziko la America m'chaka cha 1955, koma moni wapadera udapita kwa anthu amene adamulandira ngati mlendo.

Bambo Robert Prevost, a chipani cha Augustino Woyera, adafika ku Peru m'chaka cha 1985 ali ndi zaka 30. Adayambira ku Chulucanas, kenako adakhala zaka pafupifupi 10 ku Trujillo akusula achinyamata ofuna unsembe komanso kutumikira m'maparishi. M'chaka cha 2015 adakhala episkopi wa Chiclayo ndipo adatenga unzika wa dzikolo. Madzi atasefukira kumeneko mu 2017, adavala majombo nkulowa m'matope kukagawa thandizo. Amene adaona zimene namondwe wa Freddy adachita ku Chilobwe ndi ku Soche mu March 2023 akudziwa kuti pa nthawi yotere womasulira sapezeka. Mayi amene nyumba yamugwera amadandaula m'chiyankhulo chake, ndipo wobwera kudzathandiza ayenera kumva yekha.

Zoterezi si zachilendo kuno. Abambo atatu a chipani cha Montfort, Bourget, Prézeau ndi Winnen, atafika ku Nzama m'boma la Ntcheu m'chaka cha 1901, adayenera kukhala ngati ana, kufunsa dzina la chinthu chilichonse ndi kulola kukonzedwa akaphonya. Munthu wamkulu, wophunzira, kuvomera kuti mwana woweta mbuzi amuwongolere lilime si chinthu chapafupi. Mtima wodzikuza umayamba kusweka pamenepo. Akhristu a ku Limbe Cathedral ndi maparishi ena a mu arkidayosizi ya Blantyre ndi zipatso za kudzichepetsa kumeneko.

Lero ulendo watembenuka. Achinyamata ambiri a ku Ndirande, Bangwe ndi Zingwangwa akukwera basi ku Wenela kupita ku Johannesburg, ena akupita kukaphunzira kutali. Alipo amene amatha zaka akungocheza ndi Amalawi anzawo, nkubwerako ndi katundu koma osadziwa ngakhale dzina la woyandikana naye nyumba. Ena amalowa kwaya ya parishi ya komweko, kuyendera odwala, kuphunzira moni wa eni dziko, ndipo pobwera makolo amadabwa ndi kukhwima kwawo.

Ku limana sabata ino, akhristu awerenge Rute 1:6-18 ndi 1 Akorinto 9:19-23, ndipo akambirane mafunso awa. Kodi mwana wa m'limana akamapita kunja, amalangizidwa za ndalama zokha, kapena amauzidwanso zokafunafuna parishi? Nanga akhristu ochokera ku Mozambique, Burundi ndi Congo amene amagulitsa malonda mu Limbe, ndani adawafunsapo mmene amaperekera moni kwawo?